Zala Ziwiri za Kelepi

Kelepi Vaipulu anagwira ntchito kumbuyo kwa boti la alendo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zala zake zonse khumi zinali zilipo. Padoko la Neiafu, pa zilumba za pakati pa nyanja yamchere, anthu ankazidziwa zimenezo. Anzake a ntchito yomweyo ambiri akawerenga zawo ankathera pa zisanu ndi zinayi, ndipo mkulu wina wa ku Pangaimotu ankathera pa zisanu ndi ziwiri ndi theka.

Anabadwira ku Toula, m'nyumba yoyang'ana kunyanja. Bambo ake ankapha nsomba ndi bwato lopalasa, ndipo ankayankhula pa nthawi ya kudya pokha, apo ndiye kuti akupempha mchere. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Kelepi anakwera sitima yopha nsomba ya ku Pago Pago, nakhala kumeneko zaka khumi ndi chimodzi. Anabwerako ndi wotchi, chifuwa chosatha, ndi Chikoreya cha kutukwana chokha. Anakwatira Losaline, nayamba kulima zilazi ndi chinangwa m'munda wa bambo ake. Munda sunamukonde, iyenso sanaukonde. Mzungu wina wa ku Australia atabweretsa boti lonyamula alendo ofuna hakula, nsomba yaikulu ya mlomo wautali wosongoka, Kelepi anali woyamba kukaima padoko. Mzunguyo anakalamba n'kubwerera kwawo. Botilo analigula Maikolo, mwana wa mlongo wake wa Kelepi, ndipo Kelepi anatsalira momwemo pamodzi ndi mpando, zidebe ndi nangula.

Ntchito yake yeniyeni inali ya mphindi zitatu kapena zinayi pa tsiku, ndipo masiku ambiri sinkafika n'komwe. Nthawi yotsalayo ankakolopa, kumanga nyambo, kudula mapapaya, ndi kugwirira chidebe alendo amene nyanja yawatembenuza m'mimba. Alendowo amalipira boti la tsiku lonse kuti akhale pampando womangirira pansi, atavala lamba, ndodo yowedzera ili pakati pa miyendo. Hakula ikaluma, mlendo amalimbana nayo yekha. Ndi lamulo la masewera awo: wina akangokhudza ndodo kapena chingwe, nsombayo saiwerenga. Koma kumapeto kwa chingwe chowondacho amalumikizako china chokhuthala, chotalika mamita asanu ndi atatu, ndipo chimenecho chikatulukira m'madzi mlendo watha mbali yake. Apo m'pamene Kelepi ankachigwira atavala magolovesi, n'kuchikulunga kawiri padzanja. Nsomba yolemera ngati ng'ombe ankaikoka ndi manja mpaka igone m'mbali mwa boti, aibaye kapulasitiki ka nambala pamsana, aichotse mbedza, izipita.

Anthu akamufunsa za mphamvu, iye ankati mphamvu ali nazo aliyense. Chovuta ndi kumasula. Hakula imatha kuoneka yotopa, yogona chammbali ngati yafa, kenaka n'kutembenuka kamodzi kulowera pansi. Pamenepo munthu amaloza zala kumene nsomba yalowera, n'kutambasula dzanja, chingwe n'kuvulika chokha. Ukachedwa kuphethira kumodzi, imatenga chala. Ukachedwa kuwiri, imatenga iwe, ndipo kunja kwa zilumbazi pansi pa nyanja ndi kutali.

Alendo sankamukumbukira nkhope. M'nyumba zambiri za ku Sydney ndi ku Osaka muli zithunzi za hakula zopachika pakhoma, ndipo pakona ya chithunzi pamaoneka mkono wakuda ndi golovesi lachikasu. Mkonowo ndi wa Kelepi. Ana ake awiri a ku Auckland ankamuimbira foni kuti asiye, apume, iwo azimutumizira zofunika. Iye ankawafunsa ngati kumeneko kukugwa mvula.

Chaka chimene anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, chala chapakati cha kudzanja lamanja ndi chinzake chotsatira zinayamba khalidwe lina. Zikapinda mwamphamvu zinkakana kuwongoka. Ankachita kuziwongola ndi dzanja linalo, chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chinkalira kuti khe. Sizinkachita tsiku lililonse. Mwina sabata yathunthu zinkamvera, n'kudzakana pa chinthu chachabechabe, monga chogwirira cha ketulo.

Losaline anaziona Loweruka lina, Kelepi akuswa kokonati kuseri kwa khitchini. Chikwanje chinakana kuchoka m'dzanja.

"Tambasulani dzanjalo," anatero Losaline.

"Lili bwino."

"Sindinafunse moni wa dzanja ine. Tambasulani ndione."

Kelepi anaziwongola ndi lamanzere. Khe. Khe.

"Zayamba liti?"

"Dzana."

"Bodza. Pa Isitala paja munayenda ndi ketulo nyumba yonse ngati mwaikwatira."

Lolemba anamukokera kuchipatala. Dokotala anati ndi timitsempha tatupa, ndipo akang'amba pang'ono kuchipatala chachikulu cha ku Nuku'alofa zimatha, koma pambuyo pake miyezi iwiri osakoka kanthu. Umenewo unali Julayi, hakula zitangofika kumene, alendo atalembetsa masiku mpaka Novembala. Kelepi ankadziwa kuti boti silidikira munthu miyezi iwiri. Padoko panali amuna anayi kapena asanu a manja abwino amene ankamupatsa moni mwaulemu m'mawa uliwonse, maso ali pa magolovesi ake.

"Mumuuze Maikolo," anatero Losaline pobwerera.

"Ndimuuza nyengo ikatha."

"Nyengo yake iti? Ine zakuda ndinavala chaka chathunthu pa maliro a amayi, zinandikwana. Musandivekenso chifukwa cha nsomba imene simuidya n'komwe."

Kuyambira pamenepo Kelepi ankalawirira kuviika dzanja m'madzi otentha, Losaline n'kumalisisita ndi mafuta a kokonati, akuyang'ana kumbali. Mu Ogasiti anagwira hakula zinayi. Zala zinamvera.

Sabata yachiwiri ya Seputembala kunabwera a Graeme Haldane ndi akazi awo a Robyn, alimi a nkhosa a kumwera kwa New Zealand. Ana awo ndiwo anawatumiza, kuti bambowo akagwireko hakula imodzi msana usanawakane. Anatenga boti masiku atatu. Tsiku loyamba anaona anamgumi, a Haldane nasanza. Lachiwiri anagwira kansomba ka ndiwo. Khosi la a Haldane linafiira ngati nkhanu yophika, ndipo ankayang'ana madzi osayankhula, monga mlimi amayang'anira mitambo m'chilala.

M'mawa wa tsiku lachitatu madzi otentha sanathandize. Zala zinakana kawiri asanachoke pakhomo. Kelepi anatsegula kabati, natenga kampeni kokhota kodulira chingwe, kamene kanakhala mmenemo zaka zambiri kali m'pepala lake, nakapachika m'khosi. Losaline anaona.

Maikolo anali atakwera kale pansanja yoyendetsera boti, mwamuna wa zaka makumi anayi, wamimba, wa magalasi akuda.

"Malume, mwabwera nokha kapena akukankhani pa wilibala?"

"Ndadzuka iwe ukuyamwabe pilo."

"Nanga mkandawo? Mwapeza chibwenzi kumsika?"

"Yang'anani kutsogolo, a kaputeni. Zilumba sizipatuka."

A Robyn anafika ndi dengu la nthochi. Maikolo anatsika yekha n'kulibweza padoko akupepesa, pakuti nthochi sizikwera boti lofuna nsomba: amati zimabweretsa tsoka.

"Mwina n'chifukwa chake," anatero a Haldane. "Dzulo anabisa ziwiri m'chikwama awa."

Kelepi anavula chipewa, napemphera mwachidule monga mwa masiku onse, namasula zingwe.

Anadutsa pakati pa zilumba, madzi nasintha kuchoka pa obiriwira kufika pa akuda bii. Kelepi anaponya nyambo zinayi zapulasitiki, zikudumphadumpha m'thovu kumbuyo kwa boti. M'mawa wonse panalibe kanthu. Anadya buledi ndi nyama ya m'chitini. A Robyn anagona. Dzuwa litapendeka pang'ono mbalame zinayamba kuzungulira chakumadzulo, Maikolo nakhotetsera komweko.

"Kumanzere! Kumanzere, malume, ikubwera!"

Kelepi anali ataiona kale: mthunzi wofiirira pansi pa nyambo yakutali, kenaka mlomo wautali ngati mkondo ukumenya madzi. Ndodo inapinda, gudumu la chingwe linakuwa. Hakulayo inatuluka yonse m'madzi, niima ndi mchira, nigwa chagada. Inali yaikulu kuposa zinayi zija za mu Ogasiti.

"Mayo ine," anatero a Haldane.

"Khalani pansi, bwana. Amayi anu muwaitana pambuyo."

Anawamanga lamba, nachotsa nyambo zinazo m'madzi, naima kumbuyo kwa mpando kuti aziutembenuzira kumene chingwe chikupita. Mpando wokha ndiwo amaloleza kuugwira. Ola loyamba nsomba inkatenga chingwe, a Haldane n'kubweza, iyo n'kutenganso. Thukuta linkawatsikira m'maso. Nthawi ina dzanja lawo linaterereka, ndodo nigwedezeka, ndipo a Robyn anathamangira kuti agwirizize.

"Musakhudze, mayi!" anakuwa Kelepi ndi Maikolo pamodzi.

"Koma afa munthuyu!"

"Akafera pampando nsomba timawerenga," anatero Maikolo ali pamwamba. "Mukakhudza ndiye sitiwerenga."

A Haldane anaseka, mpweya ukuwathera.

Kelepi ankawathira madzi pamutu ndi lamanzere. Lamanja analiika m'khwapa kuti lisazizire. Ankalipinda pang'onopang'ono n'kulitambasula. Linkamvera.

Patatha ola ndi theka, mfundo ya chingwe chokhuthala inatulukira m'madzi ikudontha. Kelepi anapatsa a Robyn ndodo ya kapulasitiki ka nambala, nawaonetsa pobaya, nawaimika kumbuyo kwake. Anakanikiza mawondo kukhoma la boti. Anagwira ndi lamanzere, nakulunga, nakoka. Anagwira kutsogolo ndi lamanja, nakulunga, nakoka, namasula kumanzere. Nsomba inabwera. Inali chigonere chammbali, mizere yake ya buluu ikuyaka ndi kuzima, diso lalikulu ngati kambale ka kapu ya tiyi likuyang'ana m'mwamba. Panatsala mamita atatu. Kenaka awiri.

"Ndibaye tsopano?" anafunsa a Robyn.

"Dikirani."

Anaona mchira ukuuma, ndipo anadziwa. Hakula inatembenuka, mutu pansi. Chingwe chinali kudzanja lamanja. Kelepi analoza zala kumadzi, natambasula. Zinatambasuka zitatu.

Chingwe chinamanga golovesi ngati msampha. Chifuwa chake chinamenya khoma la boti, mapazi nachoka pansi, nkhope nifika pafupi ndi madzi mpaka anaona thovu la mchira likutsikira kumdima. Injini zinabangula, boti linabwerera chambuyo mwamphamvu, funde n'kulowa kudzera pamwamba pa khoma. Kubwerera kumeneko kunafewetsa chingwe kanthawi kochepa. Dzanja lamanzere linapeza kampeni pachifuwa n'kukoka kamodzi. Chingwe chinaduka kuti thu, Kelepi nagwa chagada m'madzi a m'boti.

Zonsezi zinachitika mu nthawi yoti munthu ameze malovu kawiri.

A Haldane ankakuwa, manja ali m'mwamba. Mwa lamulo lomwelo la masewera awo, wantchito akangogwira chingwe chokhuthala nsombayo yagwidwa, kaya yabayidwa nambala kaya ayi. A Robyn anali chigwirire ndodo yawo, atanyowa mpaka m'chiuno, akuseka.

"Mwaterereka, a Kelepi? Pepani! Mwavulala?"

"Pansi m'poterera, mayi."

Anadzuka, natembenukira kunyanja, nawongola zalazo mkati mwa golovesi. Phokoso la injini linabisa kulira kwake. Atakweza maso anaona Maikolo atavula magalasi, akumuyang'ana. Kenaka Maikolo anavalanso magalasi n'kutembenuza boti.

Ulendo wobwerera unatenga maola awiri. A Haldane anafotokoza nsombayo katatu, ikukulirakulira. Anatsegula mowa wa m'chitini, napatsa Kelepi chitini chimodzi, iye nachilandira ndi lamanzere. Padoko anajambulitsa onse anayi pansi pa kambendera ka hakula, ndipo alendowo anakwera galimoto kupita kuhotela. M'mawa mwake anali okwera ndege.

Kelepi anatenga payipi n'kuyamba kutsuka mchere. Magolovesi anawayanika pampando. Dzuwa linali likadali pamwamba pa phiri la Talau. Maikolo anatsika pansanja, nakhala pa bokosi la ayezi.

"Zaka zonsezi sindinakuoneni mukudula chingwe."

"Inatembenuka moipa."

"Zonse zimatembenuka moipa. Ndipatseni moni, malume."

Anatambasula dzanja. Kelepi anayang'ana dzanjalo, nayang'ana payipi.

"Tapatsana kale m'mawa."

"Wina. Mufinye kwambiri, ngati mwamuna."

Kelepi anatseka madzi. Anagwira dzanja la Maikolo, nafinya. Maikolo atamasula lake, zala ziwiri zinatsala zitamukola. Anakhala choncho, ogwirana pakati pa boti, mpaka Maikolo anaziwongola yekha, chimodzichimodzi.

"Akunyumba akudziwa?"

"Akudziwa."

"Ndiye wopusa ndinali ine ndekha. Mukanapita pansi paja, amayi ndikanakawauza chiyani? Kuti mlongo wanu ndamusiya kunyanja, koma mzungu wasangalala?"

Maikolo anaimirira, natenga magolovesi pampando, nawapinda, nawaika m'thumba la kabudula. Kuno mwana wa mlongo wako akalowa pakhomo pako n'kutenga chinthu, kaya malaya kaya nkhumba, sumufunsa. Ndi chake. Maikolo ali mwana anatengapo wailesi, atakula anatenga nkhumba yaikazi ya bere, ndipo Kelepi sanatsegule pakamwa nthawi zonsezo. Anayang'ana thumbalo kanthawi.

"Ukawapatsa ndani? Sifa wa ku 'Utungake? Amakulunga katatu ameneyo. Sadzafika pa Khirisimasi ndi zala zake."

"Sindipatsa munthu. Ndivala ine."

"Iwe? Ndi mimba imeneyo?"

"Mimbayi ndiye nangula. Palibe nsomba ingaikoke." Maikolo analoza nsanja ndi chibwano. "Inu mukwera uko."

Kelepi anayang'ana m'mwamba. Pa zaka zonsezo ankakwerako pokapereka tiyi pokha.

"Ine ndikhale pamwamba pa mutu wako, iwe uli pansi ukugwira chidebe cha masanzi? Amayi ako akamva andidula makutu."

"Amayi ndikamba nawo ine. Mawa tilibe alendo. Mubwere muphunzire kubweza boti chambuyo, chifukwa paja ndikanachedwa ine, bwenzi pano tikuyala mphasa za maliro ku Toula. Mu Novembala mukwera ndege, akang'ambe dzanjalo. Mukabwerako tidzaona."

"Tidzaona chiyani?"

"Tidzaona."

Kelepi anatsegulanso madzi, namaliza kutsuka. Atafika kunyumba anavula malaya kuti akasambe, Losaline naona mzere wakuda utadutsa pachifuwa, kuchokera kukhwapa ili mpaka linalo. Anauyang'ana, nayang'ana thumba la ntchito lopachika pamsomali.

"Magolovesi ali kuti?"

"Watenga Maikolo."

"Aha," anatero Losaline, napita kukatenthetsa madzi.

Nyengo yonse yotsalayo boti ankayendetsa ndi Kelepi. Sanali woyendetsa wabwino. Anagunda doko kawiri, ndipo amayi ogulitsa madengu pamenepo anayamba kusuntha katundu wawo akaona botilo likubwera. Pamwamba pamagwedezeka kuposa pansi, moti tsiku lina la mphepo, koyamba chibadwire, anasanza. Koma nsomba ankaziona msanga kuposa Maikolo, ndipo pobweza boti chambuyo sanachedwepo, chifukwa maso ake sankachoka pa mchira wa nsomba. Maikolo anapsa m'manja sabata ziwiri zoyamba, kenaka anazolowera.

Mu Novembala dzanja analing'amba. Linapola bwino. M'miyezi ya mvula ndi mphepo Kelepi ankakhala pakhonde akufinya kampira kamene anamupatsa kuchipatala, ndipo pofika Meyi ankaswa kokonati khumi motsatizana chikwanje n'kuchoka m'dzanja bwinobwino.

Julayi atafika, tsiku loyamba la alendo, anafika padoko Maikolo asanabwere. Anakolopa, namanga nyambo, naima pafupi ndi mpando. Maikolo anatsika pagalimoto atanyamula ayezi, magolovesi akusuzumira m'thumba lakumbuyo.

"Dzanja lili bwanji, malume?"

Kelepi analikweza pafupi ndi mphuno ya Maikolo. Analifinya mwamphamvu n'kulitambasula, kasanu, zala zonse zikuwongoka pamodzi popanda kulira.

Maikolo anayang'anitsitsa mpaka kachisanu.

"Ndaona," anatero. "Akonza bwino. Kwerani, alendo akubwera apo."

Alendowo anali atatu, akutsika makwerero a doko ndi zipewa zatsopano. Kelepi anaima pang'ono, dzanja likadali m'mwamba. Kenaka analitsitsa, napukutira pa kabudula, nakwera.